Mafunso ndi mayankho: n'chifukwa chiyani filimu ya The Princess Bride sikalamba?

Pali mafilimu ena omwe munthu amaonera kamodzi, n'kuwomba m'manja, mawa lake n'kuiwala ngakhale dzina la amene anafa. The Princess Bride si ya mtundu umenewo. Anthu amene anaionera ali ana m'zaka za m'ma 1980 lero akuonetsa ana awo, ena mpaka zidzukulu, ndipo amaseka pamalo omwewo amene ankasekapo kale. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kwa munthu yemwe akuimva koyamba, kapena amene anaiona koma sanamvetse chomwe anzake amaikondera.

Kodi filimuyi ndi ya liti, ndipo anaipanga ndani?

Inatuluka mu 1987 ku America. Amene anaitsogolera ndi Rob Reiner, ndipo nkhani yake anailemba William Goldman kuchokera m'buku lake lomwe la dzina lomweli, limene linasindikizidwa mu 1973. Goldman sanali mlembi wamba: pofika nthawi yopanga filimuyi anali atalandira kale mphotho yapamwamba ya mafilimu ya Oscar kawiri, yoyamba chifukwa cha filimu ya Butch Cassidy and the Sundance Kid, yachiwiri chifukwa cha All the President's Men. Iye ankafotokoza kuti nkhaniyi inayamba atafunsa ana ake awiri aakazi kuti awalembere nthano ya chiyani. Wina anati ya mwana wamkazi wa mfumu, wina anati ya mkwatibwi. Bamboyo anangophatikiza ziwirizo, dzina n'kupezeka. Filimuyi ndi ya mphindi 98 zokha, moti mukaiyamba mutadya mgonero imatha tulo tisanakupezeni.

Nkhani yake ndi yotani mwachidule?

Mtsikana wina dzina lake Buttercup amakhala pafamu m'dziko lopeka la Florin. Pafamupo pali mnyamata wantchito, Westley, yemwe mtsikanayo amangomutumatuma. Awiriwa akondana. Poti mnyamatayo alibe kanthu, achoka kukasaka chuma kutsidya kwa nyanja kuti adzathe kukwatira, koma posakhalitsa pamveka mbiri yoti sitima yomwe anakwera yagwidwa ndi chigawenga cha panyanja chotchedwa Roberts, chomwe sichisiya munthu wamoyo. Patapita zaka zisanu, Buttercup avomera mosafuna kukwatiwa ndi Humperdinck, mwana wa mfumu. Ukwati usanachitike, abedwa ndi anthu atatu: kamunthu kakafupi kodzitama ndi nzeru, Vizzini, katswiri wa lupanga wa ku Spain, Inigo Montoya, ndi chimphona chofatsa, Fezzik. Ndiyeno kumbuyo kwawo kukubwera munthu wovala zakuda ndi chophimba kumaso, yemwe sakubwerera m'mbuyo ngakhale patakhala phompho.

Kuti munthu wa zakudayo ndi Westley, ngakhale mwana wa sitandade 3 amadziwa filimu isanafike pakati. Opanga filimuyi sankabisa zimenezo. Kukoma kwake kuli pa mmene nkhaniyo ikukambidwira.

Ndamva kuti muli agogo owerenga buku. Akulowamo bwanji m'nkhani ya mafumu ndi malupanga?

Apa ndiye pali mtima wa filimu yonse, ndipo amene sanapamvetse sangamvetse china chilichonse. Filimuyi siyambira ku Florin. Iyambira m'chipinda cha mnyamata wina yemwe akudwala, ali pabedi akusewera gemu pa TV. Agogo ake aamuna abwera kudzamuona atanyamula buku, akuti ndi lomwe bambo awo ankawawerengera iwo akadwala. Mdzukuluyo sakusangalala. Akufunsa ngati m'bukumo muli zamasewera, ndipo nkhani itangofika popsompsonana akuwadula agogowo pakamwa, akuti amupusitsa. Agogo aja, omwe anawasewera ndi Peter Falk, sakukwiya. Akungodumpha tsambalo n'kupitirira. Mnyamatayo anamusewera Fred Savage.

Aliyense amene anakhalapo pamphasa usiku, agogo akuti "padangokhala" ana n'kuyankha kuti "tili tonse", akuidziwa bwino mbali imeneyi. Nthano yeniyeni siyenda mowongoka ngati nkhani za pawailesi. Wina amafunsa kuti fisi uja anatani, wina amatsutsa kuti dzulo simunanene choncho, wofotokozayo amaima kaye kuti aone ngati wamng'ono wachita mantha. M'filimuyi zimachitikanso chimodzimodzi. Pamene Buttercup ali m'madzi, nsomba zoopsa zolira, zooneka ngati njoka, zikumuyandikira, agogo aja akuimitsa nkhani n'kumuuza mdzukulu kuti mtsikanayo sadyedwa, poti aona kuti mwanayo wagwira bulangeti mwamphamvu. Mwanayo akukana kuti sanaope. Tonse tikudziwa kuti anaopa.

Njira imeneyi imathandiza woonera wamkulu kwambiri. Munthu wamkulu amachita manyazi kutengeka ndi nkhani za chikondi chosatha ndi nyumba zachifumu. Ndiye filimuyi inaika mwana wokayikira uja kuti aziyankhula zomwe ife tikuganiza. Akatsutsa iye, ife mtima umakhala pansi. Pang'onopang'ono mwana uja akusiya kutsutsa, akuyamba kukwiya nkhani ikapanda kuyenda mmene akufunira, ndipo chakumapeto akuwauza agogo kuti mbali yopsompsonana asaidumphe. Pofika pamenepo nafenso tinagonja kalekale osadziwa.

Ndiye ndi filimu ya nthabwala, ya chikondi, kapena ya nkhondo?

Zonse zitatu, ndipo n'zimene zinavutitsa kampani ya 20th Century Fox poitsatsa. Koma chofunika kudziwa n'chakuti nthabwala zake siziwononga nkhani. Mafilimu ambiri oseketsa amene amatengera nthano amazinyoza nthanozo, ngati mwana wopita kutauni amene wabwerera kumudzi n'kumaseka nsima ya mgaiwa. Iyi imaseka uku ikuikonda nthanoyo. Wansembe womangitsa ukwati satha kutchula bwino zilembo zina, ndipo mpingo wonse uli chete kumumvetsera. Timaseka, komabe mtima uli m'mwamba kuti kodi ukwatiwo umangidwa Westley asanafike? Sing'anga wokalamba, Miracle Max, akukangana ndi mkazi wake pamaso pa alendo, wodwala ali chigonere patebulo. Timaseka, koma tikufunitsitsa kuti wodwalayo adzuke. Kuseketsa munthu popanda kumuchotsera nkhawa ya zomwe zichitike ndi luso losowa.

Billy Crystal ndiye anasewera sing'angayo, ndipo Carol Kane anali mkazi wake. Amene analipo amafotokoza kuti Crystal ankangopeka nthabwala pomwepo, moti Reiner ankatuluka pamalo ojambulira kuopa kuti kuseka kwake kungamveke m'filimu.

Ine zachikondi sizindisangalatsa. Ndingaipirire?

Mungathe, chifukwa chikondi cha mufilimuyi n'chosalongolola. Westley akatumidwa ntchito iliyonse amayankha ndi timawu titatu tokha, totanthauza kuti zichitika monga mwafunira. Buttercup akudzazindikira mochedwa kuti nthawi zonse mnyamatayo akamatero amakhala akunena kuti amamukonda. Basi. Palibe ndakatulo zazitali, palibe kulira pamvula. Timawu timeneti timabweranso kawiri pamalo ofunika: pamene mtsikanayo wakankhira munthu wa zakuda uja kuchigwa n'kumumva akufuula mawuwo akugubuduka, ndi pamapeto penipeni, mdzukulu atapempha agogo kuti abwerenso mawa adzamuwerengere bukulo. Agogo akuyankha ndi mawu omwewo. Kwa ine pamenepa ndi pomwe filimu yonse imalozera. Mwamuna wachikulire amene sangauze mdzukulu wake poyera kuti amamukonda wapeza njira yonenera. Ambiri tinaleredwa ndi anthu otero, omwe chikondi chawo chinkaonekera pa chimanga chootcha chomwe akusungira, osati pakamwa.

Kodi si zoona kuti Buttercup amangodikira kupulumutsidwa?

N'zoona ndithu, ndipo apa sindiikira kumbuyo filimuyi. Pali pamene Westley akulimbana ndi chikhoswe chachikulu m'nkhalango ya dambo lamoto, mtsikanayo ali chiimire pambali, kenako n'kuchigwaza pang'ono ndi mtengo. Owonera ambiri amakuwa kuti menya, mayi iwe! Komabe si kuti alibiretu mtima. Akudumphira m'nyanja usiku kuthawa omuba, akudzipereka kwa Humperdinck kuti Westley asaphedwe, ndipo akumuuza mwana wa mfumuyo pamaso kuti ndi wamantha. Robin Wright, yemwe panthawiyo anali wongoyamba kumene kutchuka kudzera m'sewero la pa TV la Santa Barbara, anamupatsa ulemu ndi kulimba komwe zolembedwazo sizinamupatse mokwanira. Filimuyi ikanalembedwa lero akanamupatsa zochita zambiri, ndipo ikanakoma kuposa.

Kulimbana kwa malupanga pamwamba pa phompho kuja, ndi iwo eni kapena anawalowera ena?

Ndi iwo eni. Cary Elwes, yemwe anasewera Westley, ndi Mandy Patinkin, yemwe anasewera Inigo, anaphunzira kwa miyezi ingapo kugwiritsa ntchito lupanga ndi dzanja lamanja komanso lamanzere. Owalowera anangochita mbali zotembenuka mumlengalenga. Aphunzitsi awo anali Peter Diamond ndi Bob Anderson. Anderson anaimirirapo dziko la Britain pa masewera a Olympics a 1952 pa mpikisano wa malupanga, ndipo ndi iyenso amene anavala zovala za Darth Vader pa nkhondo za malupanga m'mafilimu awiri a Star Wars.

Chimene chimakometsa ndewuyi ndi ulemu wa anthu awiriwo. Inigo watumidwa kuti aphe munthu wa zakudayo, koma pomuona akuvutika kukwera phompho akumuponyera chingwe, atalumbira pa mzimu wa bambo ake kuti samudula. Munthuyo atafika pamwamba, Inigo akumulola kuti apume kaye, akhuthule miyala m'nsapato, ndipo akucheza ngati anthu okumana pa depoti. Atayamba kulimbana akuyamikirana luso, akutchula mayina a akatswiri akale a lupanga monga Capo Ferro, Thibault ndi Agrippa, omwe ndi anthu enieni amene analemba mabuku a lusoli zaka mazana angapo zapitazo. Onse awiri ayamba ndi dzanja lamanzere, aliyense akubisa kuti dzanja lake lenileni ndi lamanja. Palibe magazi, palibe kutukwana, ndipo wogonja sakuphedwa.

N'chifukwa chiyani anthu ambiri amakumbukira Inigo kuposa Westley?

Chifukwa ndi iye amene wasenza chisoni chenicheni. Bambo ake anali wosula malupanga. Munthu wina waudindo, wa zala zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanja, anaitanitsa lupanga lapadera, ndipo litatha anafuna kulipira gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a mtengo womwe anagwirizana. Bamboyo atakana, anaphedwa pomwepo. Inigo anali ndi zaka 11; anayesa kulimbana naye, koma anangomusiyira zipsera m'masaya onse awiri. Kuyambira pamenepo wakhala zaka 20 akuphunzira lupanga ndi kusaka munthuyo, ataloweza mawu oti adzamuuze tsiku lokumana naye: moni, dzina lake, mlandu wake, ndi chenjezo loti akonzekere kufa.

Poyamba mawuwo amaseketsa, chifukwa ndi aulemu mopitirira muyezo kwa munthu amene ukufuna kumupha. Koma akadzakumana naye, Inigo atalasidwa pamimba, akuwabwereza mobwerezabwereza, mphamvu zikubwerera nthawi iliyonse, chiseko chimatha. Patinkin wakhala akunena poyera kuti pojambula mbali imeneyi ankaganiza za bambo ake omubereka, omwe anamwalira ndi khansa iye ali mnyamata. Zimaoneka pankhope pake. Ndipo filimuyi siibisa chimene chimatsatira kubwezera: zonse zitatha, Inigo akuvomera kuti sakudziwa choti achite ndi moyo wake wotsala.

Chimphona chija ndi munthu weniweni?

Eya. Ndi André Roussimoff wa ku France, wodziwika ndi dzina loti André the Giant pa masewera ogwetsana. Anali wamtali kupitirira mamita awiri chifukwa cha matenda omwe amachititsa thupi kukula mosalekeza. Chomvetsa chisoni n'chakuti panthawi yojambula msana unkamuvuta kwambiri, moti pamene Buttercup akudumphira m'manja mwake kuchokera pawindo, Robin Wright anamumangirira zingwe kuti kulemera kwake kusafike pa André. Anamwalira mu 1993 ku Paris. Fezzik amene anamusewera ndi munthu wamphamvu yemwe sakonda kupweteka anzake, amakonda kupeka timawu tomveka mofanana kumapeto, ndipo atauzidwa kuti aphe munthu pomugenda ndi mwala mobisala, akuona kuti zimenezo si chilungamo.

Nanga mpikisano wa poizoni uja umatha bwanji? Sindinaumvetse.

Amene simunaonere, dumphani yankho ili. Munthu wa zakuda akuika zikho ziwiri za vinyo, akunena kuti chimodzi chili ndi poizoni wopanda fungo ndi wosamveka kukoma, ndipo Vizzini asankhe choti amwe. Vizzini akuyankhula kwa nthawi yaitali, akuonetsa nzeru zake zonse, akusintha zikho mwachinyengo mnzakeyo atayang'ana kumbali, akumwa, akuseka mokweza kuti wapambana, n'kugwa pansi ali pakati pa kuseka. Yankho n'lakuti zikho zonse ziwiri zinali ndi poizoni, koma winayo anali atazoloweretsa thupi lake poizoniyo kwa zaka zingapo. Poizoniyo ndi wopeka, musakayesere. Wallace Shawn anasewera Vizzini ngati munthu amene sanamvepo zoti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Onani dongosolo lake: munthu wa zakuda wagonjetsa luso, wagonjetsa mphamvu, kenako nzeru, mayeso atatu otsatizana monga zimakhalira m'nthano zambiri, ndipo mwa atatuwo wafa ndi wodzikuza yekha.

Anajambulira kuti?

Mbali zambiri ku England: nyumba yachifumu ndi Haddon Hall ya ku Derbyshire, mapiri ndi zigwa ndi za dera la Peak District, ndipo zam'kati zina anajambulira ku Shepperton Studios. Phompho lalitali lija ndi Cliffs of Moher, kumadzulo kwa Ireland, lomwe pamalo ake okwera kwambiri limapitirira mamita 200 kuchokera panyanja. Mayina a mayiko awiri odana a m'nkhaniyi, Florin ndi Guilder, ndi mayina a ndalama zakale za ku Ulaya. Nyimbo zake anapeka ndi Mark Knopfler wa gulu la Dire Straits.

Ngati ndi yabwino chonchi, inapanga ndalama zambiri?

Ayi, osati poyamba. Inadya madola pafupifupi 16 miliyoni kuipanga, ndipo m'nyumba zoonetsera mafilimu inabweretsa pafupifupi 30 miliyoni. Sinaluze, komanso sinagwedeze dziko. Akuluakulu ankaiyesa ya ana chifukwa cha dzina, anyamata ankaiyesa ya atsikana. Chimene chinaipulumutsa ndi matepi a vidiyo. Itafika m'makomo, anthu ankabwerekana, kuionera kawiri katatu, kuloweza mawu ake n'kumaponyerana pocheza. Mu 2016 laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa chifukwa cha kufunika kwake pa chikhalidwe cha dzikolo.

Ana angaonere?

Ambiri angathe, koma makolo adziwe malo atatu. Nsomba zolira zija zimaopsa ana aang'ono. Pali makina ozunzira anthu omwe amayamwa zaka za moyo wa munthu, ndipo kulira kwa Westley pamenepo n'kosautsa. Ndewu yomaliza ya Inigo ili ndi magazi komanso mawu amodzi otukwana. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo, ali ndi wamkulu pambali, sangavutike.

Zojambula zake si zachikale kwambiri poyerekeza ndi za masiku ano?

Ndi zachikale, ndipo zimaonekeratu. Makoswe akuluakulu aja ndi anthu ovala zikopa, akukwawa. Thambo la kuseri kwa ndewu ya malupanga ndi lopenta. Koma kumbukirani kuti zonse tikuonazo zikuchitika m'mutu mwa mwana wodwala amene akumvetsera agogo ake. Dziko looneka ngati la pasiteji likugwirizana ndi nkhani yotero. Mafilimu ambiri a makompyuta amene anaoneka odabwitsa zaka khumi zapitazo lero akuoneka otuwa, pamene nthabwala yabwino ndi lupanga logwiridwa ndi dzanja la munthu sizisintha.

Kodi woipa uja amaphedwa?

Mdzukulu uja anafunsanso funso lomweli, ndipo atamva yankho anakwiya. Humperdinck saphedwa. Ndi chikomekome cha mkuyu: wooneka bwino, woyankhula mwaulemu, koma akukonza zopha mkwatibwi wake n'kunamizira dziko la Guilder kuti apeze chifukwa choyambitsira nkhondo. Pamapeto Westley, yemwe alibe mphamvu ngakhale zoimirira bwinobwino, akumuopseza ndi pakamwa pokha ali chigonere pabedi, kenako akudzuka movutikira n'kumuloza ndi lupanga. Mwana wa mfumuyo akuponya lupanga lake pansi, akukhala pampando, n'kumangidwa. Akumusiya wamoyo kuti akhale ndi mantha akewo.

Chingerezi chake n'chovuta?

Nkhaniyo imatsatika ngakhale kwa amene Chingerezi amachimva pang'ono, chifukwa zochitika zimadzifotokoza zokha. Koma nthabwala zambiri zili m'mawu, ndipo Vizzini ndi Miracle Max amayankhula mothamanga. André naye mawu ake ndi olemera, a kayankhulidwe ka Chifalansa. Yatsani mawu olembedwa pansi pa kanema. Mudzatola zambiri zomwe khutu likanaphonya.

Buku ndi filimu zikusiyana pati?

Bukulo ndi lochenjera kwambiri komanso lowawirapo. Goldman ananamizira kuti nkhaniyo si yake, koma ya mlembi wina wa ku Florin dzina lake S. Morgenstern, ndipo iye wangoidula kusiya mbali zokoma zokha, monga ankachitira bambo ake pomuwerengera ali mwana. Morgenstern sanakhaleko, Florin kulibe, koma owerenga ena anakhulupirira n'kumakasaka buku loyambiriralo. M'bukumo m'nyanja muli nsomba za shaki m'malo mwa zolira zija, ndipo mathero ake si osalala: pamene anayiwo akuthawa pa akavalo oyera, bala la Inigo likutsegukanso, Westley akufookanso, Fezzik akulakwitsa njira, kavalo wa Buttercup akuguluka chitsulo cha kuphazi, adani ali pambuyo.

Pali pena pamene Goldman analemba kuti mbali yokumananso kwa Westley ndi Buttercup anailemba yekha koma osindikiza anamukaniza kuiika, ndipo amene akuifuna alembere kalata kukampaniyo. Anthu ambiri analembadi. Chomwe ankalandira ndi kalata yofotokoza kuti mbaliyo singatumizidwe chifukwa loya wa banja la Morgenstern waletsa.